Mabuku a Mayi Dailes Asagawidwe

Bungwe la Owerenga Mabuku la Chongwe
14 Ogasiti, 1996

Kwa banja la a Kapuka ku Nkomeshya, ndi kwa onse olira nawo,

Ife a bungwe lino talandira modzidzimuka ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti Mayi Dailes Kapuka, mphunzitsi wopuma pa ntchito amene anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe lathu, anatisiya Lolemba lapitali atangodwala masiku ochepa.

Malemuwa tinatsegula nawo chipinda chowerengeramo pa boma mu 1989, koma patangopita zaka ziwiri tinasiyana maganizo. Ife tinkafuna kuti mabuku azikhala m'kabati, munthu aziwerengera pomwepo ife tikuona, iwo anangoti, "Nipaseni mabuku yanga, niyende nayo kuli bantu." Anamanga katoni pa njinga nayamba kuzungulira kuchigayo, kusikelo ya ana, ndi kudepoti kumene alimi amaswera tsiku lonse podikira feteleza. Dzina la wobwereka sankalemba. Tinkaseka kuti pofika Khirisimasi adzatsala ndi katoni yokhayokha, koma mabuku makumi asanu amene anayamba nawo lero apitirira mazana anayi, chifukwa anthu ankabweza limodzi n'kuwonjezerapo lawo.

Pamaliro sitinama, choncho ndiloleni ine wapampando ndinene zanga. Ndinkawachitira nsanje mayiwa, nsanje yeniyeni yowotcha pamtima. Ine ndi chidindo changa ndi makiyi anga ndinkangokhalira kuingitsa ntchentche m'chipinda chopanda munthu. Tsiku lina mlimi analowa, ine n'kudzuka mwaulemu, iye n'kundifunsa kuti, "Ba Shamilimo, ba Dailes babwela liti kuno? Nifuna buku ya nkhuku." Abale inu, buku lomwelo linali kumbuyo kwangaku, lonyezimira, losakhudzidwa! Pamisonkhano ndinkawanena mayiwa kuti akuwononga mabuku ndi dothi la m'manja mwa alimi. Ngakhale dzulo pasiwa, poona anthu akufika aliyense ndi buku loti abweze, nsanje ija inandigwiranso, ndipo manyazi andikwana.

Tamva kuti Loweruka achibale adzakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo, ndipo kuti mabuku aikidwa pamodzi ndi mipando ndi ziwiya. Sitikunyoza mwambo, koma mabukuwa akamwazika awa kwa amalume, awa kwa azakhali, mvula isanagwe adzakhala atathera kukulungira fodya ndi zitumbuwa, ndipo midzi yonse ija idzasowa chowerenga.

Komiti inandituma kuti ndipemphe mabukuwo abwere kwathu. Mtima wanga ukuwalakalaka ndithu, koma sindipempha zimenezo, pakuti ndikudzidziwa: ndingakawatsekere. Chonde, aperekeni onse pamodzi kwa mwana wa malemu, Febby, amene wakhala akupalasa njinga ija chiyambire miyendo ya amayi ake kuvuta, ndipo anthu amamudziwa.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa ana, adzukulu ndi abale onse, ndipo tikupemphera kuti Mulungu akulimbitseni pa nthawi yowawitsayi. Loweruka ndidzafika ndekha, ndidzakhale pansi pamaso pa akuluakulu a banja, ndidzachonderere kuti isafe ntchito ya mayi amene ali moyo sindinawayamikepo ngakhale kamodzi.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Peterson Shamilimo
Wapampando