Malachisanu a Madala Gabrieli

Lamulungu, 26 Seputembala 1976

Chikalata cha pakhomo la tchalitchi chikuti: "Misa ya Lachisanu loyamba la mwezi yaikidwa 6 koloko m'mawa kuti wantchito aliyense athe kupezekapo." Chasainidwa, chidindo chilipo. Ife a m'chipinda cha malampu ku mgodi timatsegula mazenera 5 koloko, ndipo sabata ino ndili pa shifiti ya m'mawa.

Lamulo lake n'lachidule. Ulandire Ukaristia Lachisanu loyamba, miyezi isanu ndi inayi yotsatana, ndipo sudzafa wopanda masakramenti. Ukaphonya kamodzi, uyambirenso. Ine ndakwanitsa isanu ndi itatu. Latsala la pa 1 Okutobala.

Lolemba, 27

Kolona ndinaiyamba pochoka kunyumba ku Ingagula. Chigawo chachiwiri chinathera pa zenera, ndikupereka malampu kwa olowa mumgodi. Amayi Maria azolowera kumva manambala pakati pa pemphero.

Simoni wa shifiti ya masana wavomera kusinthana nane Lachisanu. Iye ndi wa mpingo wina. Akuti, "Achimwene, Mulungu wanuyu ndi kalaliki ngati inu? Amasunga rejisitala?" Ndamuuza kuti inde, koma salemba mochedwa.

Lachiwiri, 28

Kapitao walola zosinthanazo. Wakweza chala: "Munye kuphela." Mmodzi yekha.

Mthenga Wabwino ndinautsegula nditaweruka. Ndadzuka tsamba litamatirira patsaya.

Lachitatu, 29

Madala Gabrieli, a pa zenera lachiwiri, anawachotsa pansi mumgodi chifukwa cha chifuwa. Lero atsokomola mpaka kugwira khoma. Atapuma anandifunsa, "Mwana wanga, uli pa lachingati?" Ndinawauza. Iwonso ali pa lachisanu ndi chitatu, kachitatu tsopano. Kawiri konse shifiti inawadyera lomaliza. Adokotala awalembera zopita kwawo ku Dedza mwezi wamawa, ndipo kumudziko wansembe amafika mvula ikalola.

Sanapemphe kanthu. Angoti, "Ukandipempherereko," n'kupitiriza kupukuta magalasi a malampu. Bola akanapempha. Wopempha umatha kumukana.

Lachinayi, 30

Ndinamuuza mkazi wanga Felismina za Madala Gabrieli. Iye: "Bambo a Esnath, miyezi isanu ndi itatu ndakusitirani shati yoyera. Mukayambiranso, musita nokha." Kenako anafunsa ngati Madalawo ali nayo shati yoyera.

Ndinakalapa madzulo. Ndinafunsa Bambo Mfumu ngati kulandira Loweruka kungawerengedwe. Ayi. Nanga Misa yamadzulo? Masana amapita kumidzi. Anandikumbutsa kuti nthawi ya 6 koloko inasankhidwa ndi komiti poganizira antchito. M'komitimo muli aphunzitsi awiri ndi mwini golosale.

Ndadutsira kwa Simoni. Ndamuuza kuti mawa akhale pa zenera lachiwiri, osati langa. Wandifunsa, "Ndiye rejisitala ija?" Ndati ibwerera pa tsamba loyamba.

Lachisanu, 1 Okutobala

Belu la tchalitchi linamveka ndikupereka lampu nambala 318. Sindinamve chilichonse chapadera mumtima, kupatula njala: ndinaiwala kuti lero, poti sindikulandira Ukaristia, ndikanatha kumwa tiyi.

Madala Gabrieli anafika pa zenera 7 koloko itadutsa, atavala shati yanga, manja ake atapindidwa kawiri. Anangoonetsa zala zisanu ndi zinayi pa waya wa zenera, Simoni n'kuwawerengera mokweza ngati akuwerenga malampu.

Ndinawafunsa kuti kunali anthu angati. Amayi makumi awiri ndi atatu, akomiti atatu. Wa kumgodi anali mmodzi.