Kondanani Wayamba Kuyenda Yekha

Mamelodi, Pretoria

Okondedwa Alamu a Yobu,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Ntcheu. Kuno kukuzizira, koma tilipo.

Uthenga wanu ndinaumva, woti Kondanani akamaliza sukulu ya ana osamva chaka chino ndimutumize kumudzi muzikamusunga. Mawu omwewa munanena pa maliro a mayi ake, akuti mwana wotere ndi wokhala pakhonde. Sindinaiwale.

Pa tchuthi chino mwana wangayu ndikumuphunzitsa ntchito ya m'gadeni kumene ndimagwira ku Faerie Glen. Kudulira maluwa akundiposa kale. Chimene chinkandiopsa ndi ulendo. Kuno takisi timaimika ndi zala, dera lililonse chizindikiro chake, ndipo iye anazigwira msanga kuposa ine wa makutu. Komabe iye akakwera takisi, ine ndinkakwera yapambuyo, kumutsatira mobisa.

Lachiwiri sindinamutsatire, ndinali kuchipatala. Zimene anandiuza adokotala za chifuwachi tidzakamba tsiku lina. Pobwera ndinapeza wapita yekha, wagwira ntchito, wabwerako, wanditerekera madzi osamba.

Choncho kumudziko sabwera, Alamu. Koma tsiku lina akadzakulemberani uthenga pafoni iye yekha, chonde mudzamuyankhe ngati munthu wamkulu.

Ndine mlamu wanu,
Geofrey