Nyimbo ya Kutsimba pa Wailesi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo ndatopa kwabasi.

M'mawa abwana a pawailesi yathu anatikumbutsanso lamulo la boma, loti nyimbo zambiri zomwe tikuulutsa zizikhala za kuno kwathu. Lamulolo sindidana nalo, koma zojambulidwa bwino tili nazo zochepa, ndipo omvera atopa nane chifukwa chobwereza zomwezomwezo. Ndiye wina atanditumizira pafoni nyimbo ya amayi a ku Lifuwu, ng'oma zake zogwira mtima, ndinangoiponya pa pulogalamu yamasana osayamba ndamvetsera mawu ake.

Isanafike n'pakati pomwe, foni inalira. Anali azakhali anga, omwe ndi anamkungwi kumudzi kwathu ku Lifuwu.

"Iwe Yohane, nyimbo imeneyo waitenga kuti?"

"Anditumizira, azakhali. Si yathu yomwe?"

"Yathu inde, koma si yako. Ndi ya kutsimba imeneyo, yolangira anamwali. Pano amuna akuimvera pamsika wa nsomba, akuseka. Watiyalutsa."

Ndinaidula pomwepo, n'kuika ya gitala ija yomwe ndaiulutsa kale kanayi sabata ino.

Nyimbo ya kutsimba ija abwana aiwerengera ndithu pafomu ya boma, ati ndi ya Chimalawi basi. Ine Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Lifuwu kukapepesa, nkhuku m'manja. Amayi anga sakundiyankha foni.

Chondipweteka n'chakuti chaka chonsechi sindinaulutsepo nyimbo yokoma ngati imeneyi. Sindidzaiikanso, ndalumbira. Koma zoti ndiifufute mufoni, chala chikukanabe.