Loya wanga amulipira womanga

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tadzuka, mawondo okhawa ndiwo akuvuta. Akundilembera ndi aneba, ine ndikungoyankhula.

Achimwene, mlandu wa denga uja tapambana! Paja womanga uja analandira ndalama za malata atsopano koma anakhoma akale opaka penti, mvula n'kumatipeza pabedi. Oweruza alamula kuti akhome ena.

Koma imvani izi. Ine kukhoti ndinapita nditasenza makina anga osokera, poganiza kuti loya ndimulipira omwewo. Mlonda wa pakhomo anati, "Agogo, kuno sitisoketsa madiresi!" Anthu kuseka. Ndiye oweruza anawerenga pepala la mgwirizano ndinadindapo chala lija. Muli mawu akuti wogonja pamlandu alipire loya wa mnzake. Anawalembetsa yekha womangayo, ati kundiopseza! Loya wanga atatchula mtengo wake, oweruza anadulako pang'ono kuti ukhale woyenera, nati zotsalazo alipire womanga. Ndinaimba nthungululu m'khoti momwemo mpaka anachita kundikhazika pansi. Makina ndabwerera nawo, achimwene, ali pamalo pake.

Kungoti womangayo, monga mudziwa, ndi mkamwini wanga. Potuluka, mwana wanga anandidutsa pamasitepe ngati sandidziwa, atamugwira mdzukulu dzanja zolimba. Ndamva kuti agulitsa njinga yamoto kuti alipire. Lamulungu mwana wangayo sanabwere kudzandiona. Ine sindinena zambiri. Mwina mutamuimbira foni inuyo, malume ake, angayankhe.

Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mlongo wanu.