Denga Lako M'kompyuta Yanga

Mwanangu wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Ndikufunsa mofuna kumva yankho lenileni, osati "tili bwino" uja umayankha uku ukuvala nsapato. Chifuwa chija chinakusiya? Bambo a mwana ali bwanji? Nanga mkazi wanga wamng'ono, mano am'mbali aja anatuluka?

Kuno tili moyo. Amayi ako bondo limawavutabe m'mawa, koma akangoyamba kukangana nane limachira lokha. Ine mankhwala a shuga ndikumwa mwa nthawi yake, usadandaule.

Udabwa kulandira kalata ya pamanja. Namwino mnzako uja anabwera kutchuthi akubwerera Lachisanu, ndipo wavomera kunditengera envelopuyi. M'katimo upezamo kanthu kena kolimba, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi chingwe chake. Usakalumikize ku kompyuta usanamalize kuwerenga.

Papita Malamulungu atatu usanatiimbire. Amayi ako akuti ntchito yakuchulukira kuchipatala. Ine ndikudziwa kuti si ntchito. Tsiku lake ndikulidziwa, ndipo ndikufuna ndikuuze zomwe zinachitika mbali ya kuno, zimene sunathe kuziona pa galasi la foni yako.

Ukukumbukira laputopu unanditumizira ija. Unati ndisiye kuvutika ndi chikompyuta cha kusukulu chomwe chinkalira ngati chigayo. Unandiuza kuti iyi ili ndi diski ya mtundu watsopano, ija amati SSD, yopanda chozungulira m'kati, ndipo imadzuka msanga kuposa ine. Zinalidi choncho. Ndinkalemberapo mayeso a ana anga a m'kalasi, kusungiramo malikisi, ndi kulankhula nawe Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi.

Tsiku lina mphunzitsi mnzanga wa masamu anandionetsa momwe munthu angajambulire zonse zooneka pa kompyuta, mawu ndi zithunzi zomwe. Iye ankajambula maphunziro. Ine Lamulungu lotsatira, iwe utaimba, ndinangoti ndiyese. Ndinadina batani lija, kadontho kofiira kanayaka pakona, ndipo sindinakuuze.

Mwanangu, papita zaka zitatu. Palibe Lamulungu limene sindinajambule.

Poyamba ndinkadziuza kuti ndikusungira amayi ako, kuti aziona akaphonya. Koma amayi ako sanaphonyepo. Woonera ndinali ine. Ndikaweruka kusukulu Lachitatu kapena Lachinayi, nyumba ili zii, amayi ako ali kumsika, ndinkakhala patebulo lodyera lija n'kutsegula Lamulungu limodzi. Ndinkasankha ngati mmene munthu amasankhira malaya. Pali Lamulungu limene unationetsa mimba koyamba, utaima cham'mbali, ukuchita manyazi. Pali lina limene unagona uku ukulankhula nafe, utangochoka kuntchito, ife n'kumangokuyang'ana osafuna kudula.

Koma zimene ndinkaonera kwambiri uziseka. Iwe uli ndi chizolowezi. Mkaka ukamatutuma pa moto, kapena mwana akalira, umati tidikire pang'ono, n'kuika foni chagada patebulo. Nthawi zina umatiiwala komweko mphindi khumi, makumi awiri. Pa kompyuta pamangooneka denga la khitchini yako: loyera, getsi lozungulira pakati, ndi kamng'alu koyambira pakona. Kamng'alu kameneko ndimakadziwa kuposa eni nyumba, ndipo uwauze kuti kakukula.

Pa nthawi imeneyo sumakhala ukulankhula ndi bambo ako. Umangokhala uli pakhomo pako. Ndimamva mpopi ukutseguka, masilipasi ako akukhwekhwereza, kenako umayamba kung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, komwe kaja unkaimba uli kamtsikana ukuchapa masokosi a sukulu kuseri kwa nyumba. Ukamalankhula nafe umasankha zotiuza. Ukatiiwala patebulo m'pamene ndimamva ngati ndili m'chipinda china cha nyumba yomweyo.

Tsono tifike pa tsiku lija mwana amakwanitsa zaka ziwiri.

Unamukhazika pamiyendo, n'kutiuza kuti ali ndi mphatso ya agogo ake. Ine ndinali nditadina kale batani langa. Mwana asanatsegule pakamwa, pakati pa galasi panatulukira uthenga wakuti diski yadzaza, kujambula kwaima. Ndinatsegula mafoda msangamsanga kufuna chofufuta, ndipo kompyuta inkayankha mozengereza ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Ndinafufuta mayeso a chaka chatha, ndinafufuta zithunzi za ulendo wa sukulu. Nkhope zanu zinali zitabisika kuseri kwa mafodawo.

Ndinamva kamawu kakuti agogo. Ndinakamva kachiwiri. Iwe unati mwana akundiitana, ndipo ine, maso ali pansi, ndinayankha kuti adikire kaye. Ndi mawu amenewo amene anatuluka m'kamwa mwanga. Kachitatu kanali kapansipansi. Pomwe ndimabwezeretsa nkhope zanu, iye anali atatsika kale, ndipo iwe unangoti mwakhala mukuyeserera milungu iwiri, uimbanso.

Unaganiza kuti ndinali kulemba za kusukulu, kuti mapepala anandiposera mdzukulu. Amayi ako, amene anaima kumbuyo kwanga, anamuonako pang'ono m'mphepete mwa galasi. Akuti analoza ndi kachala, atapendeketsa mutu ngati mmene umachitira iwe. Ine sindinaone kanthu, ndipo palibe chinajambulika.

Lolemba ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta uja timamutcha Mawaya, yemwe shopu yake ili kunsi kwa masitepe, moyang'anana ndi telala. Anakankhira pambali mafoni ong'ambulidwa kuti apeze poiika. Atangoyang'ana kamzere koonetsa malo, kali kofiira mpaka kumapeto, anaimba mluzu n'kundifunsa ngati ndinkafuna kuipha mwadala.

Ndinamuuza kuti ine ndimadziwa kuti chinthu ukagula chokwana magigabaiti mazana asanu, uyenera kuthiramo mazana asanu. Iye anati ndi mmene timaganizira tonse amene tinakulira pa makaseti. Kenako anandifotokozera, ndipo ndikulemba mmene ndinamvera. Akuti diski yotereyi siingalembe pamwamba pa chinthu chakale, ndiponso siingafufute kachidutswa kamodzi pakokha. Imafufuta chigawo chathunthu. Tsono ikafuna kuyeretsa penapake, imayamba yasamutsira zofunika pamalo opanda kanthu, kenako n'kupukuta. Anandifunsa ngati ndinayesapo kukolopa m'chipinda chodzaza mpaka pakhomo. Mipando uiika kuti? Umangoisunthasuntha pomwepo, ntchito ya mphindi zisanu n'kutenga tsiku lonse, ndipo pansi pamaperepeseka pamalo amodzimodziwo. Akuti diski nayonso imatero: imachedwa, ndipo imakalamba msanga.

Ndinafunsa kuti ndizisiya malo ochuluka bwanji. Anati ena amanena gawo limodzi mwa magawo khumi, koma kwa munthu wosamva ngati ine, yemwe amajambula mavidiyo, ndisiye limodzi mwa asanu. Pa mazana asanu anga, zana limodzi lizikhala lopanda kanthu nthawi zonse. Ndinadandaula kuti kumeneko n'kuwononga malo. Iye anati malo amenewo sali chabe, ndi amene amagwira ntchito chinthu chatsopano chikamafika.

Atafuna kudziwa chomwe chinadzaza, anatsegula vidiyo imodzi mwachisawawa, n'kugwera pa denga lako. Anadikira. Anathamangitsa kutsogolo, denga lomwelo. Anatsegula ina, denga. Anavula magalasi n'kundifunsa mwaulemu ngati aphunzitsi ndinayamba bizinesi yokhoma siling'i. Telala anamva, nayenso anabwera kudzaona. Ndinaseka nawo. Nditawauza kuti ndi khitchini ya mwana wanga, Mawaya anatseka vidiyoyo mwakachetechete.

Kunyumba ndinawaululira amayi ako zonse. Iwo ankadziwa kuti ndimajambulako nthawi zina, koma osati chonchi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anapitiriza kupinda zovala, n'kunena kuti zaka zitatu ndakhala ndikulowa m'nyumba ya mwana osaodira. Anati pali Malamulungu amene unalira, pali amene munasemphana mawu ndi bambo a mwana mukuyesa kuti foni yaduka, ndipo zimenezo si zanga zoti ndizisunga. Anamaliza ndi kunena kuti ndasunga denga n'kutaya mdzukulu.

Ndinakhala masiku awiri ndikufunafuna powatsutsira. Sindinapapeze.

Kanthu kali mu envelopuko ndi diski yaing'ono. Ndinabwerera kwa Mawaya, ndipo anasamutsiramo Malamulungu onse, zana limodzi ndi makumi asanu ndi mphambu zinayi. M'kompyuta yanga ndinafufuta ndekha, ndi chala changa, iye akuona. Ndinafuna kubisako limodzi lokha, la kanyimbo kaja. Nalonso lili mmenemo. Kuno sikunatsale kalikonse. Ndi zako. Ukafuna uonere, ukafuna usungire mwana, ukafuna ufufute, sindidzakufunsa.

Ndikhululukire, mwanangu. Ndinakujambula osakupempha, ndipo ndinauza mwana wako kuti adikire.

Kompyuta tsopano ikuthamanga ngati yatsopano. Kamzere kaja kakuonetsa malo ambiri opanda kanthu, oposa amene Mawaya ananena. Lachitatu lapitali ndinaweruka, n'kukhala patebulo monga mwa chizolowezi, ndipo ndinalibe choti nditsegule. Ndinangokhala, ndikumvera wotchi ya pakhoma. Sindikubisira, masana amenewo anatalika.

Amayi ako atamva za gawo limodzi mwa asanu, anati ngati lamulolo n'loona tiyambire kuchipinda chako. Ukudziwa kuti chichokereni iwe tinkangoponyamo zinthu: makatoni a mapepala a mayeso, fani yakufa ija, njinga yopanda tcheni, mpaka chitseko chinkangotseguka theka. Loweruka tinatulutsa zonse. Kuseri kwa kabati tinapezako sokosi imodzi yoyera, amayi ako aichapa ndipo akana kuitaya. Bedi layalidwa, ndipo pambali pake pali malo okwana kamatiresi ka mwana. Sindikukukakamiza. Ndikudziwa kuti tchuthi n'chovuta kupeza ndipo ulendo ndi wautali. Ndangoti udziwe kuti chitseko chikutseguka chonse.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Kalatayi ikufika Loweruka. Lamulungu tikachoka kutchalitchi ndidzakhala patebulo lija, manja onse awiri ali poonekera, kuti uziwaona. Ukaimba, ndidzakuyang'ana. Ukatiika chagada n'kutiiwala, ndidzamvera mpaka ubwere, ndipo zidzathera pomwepo. Mwana usamukakamize. Ngati anakwiya nane ali ndi chifukwa, ndipo mkazi akakwiya mwamuna amadikira. Akadzafuna kundiitananso, kaya ndi mwezi uno kaya wamawa, adzandipeza ndikuyang'ana.

Undiperekere moni kwa bambo a mwana, uwauze kuti nawonso ndikuwapepesa. Mkazi wanga wamng'ono umupsompsone pamphumi. Amayi ako akuti umuuze mkazi mnzawoyo kuti asatengere mtima zochita za mwamuna wawo, iwo anazizolowera kalekale. Azakhali ako ndi a kwaya onse akupereka moni.

Mulungu akusunge polowa ndi potuluka, akupatse mphamvu pa ntchito yosamalira odwala, ndipo denga lako lisadonthe.

Ndine bambo ako,
amene ndikhale patebulo kuyambira 1 koloko.