Amayi Akudikira Mankhwala a m'Kompyuta

Kaphuka, Dedza
14 Julayi 2024

Okondedwa a Dokotala Elena,

Ndiyambe ndi kukonza zimene azakhali a Marita akhala akukuuza pa foni. Si zoona kuti chithunzi chako cha digiri ndinachichotsa pakhoma dala. Chinagwa chokha, msomali unachita dzimbiri. Ndachisunga pansi pa sutikesi kuti chisade ndi utsi.

Kuno kukuzizira, kachewere takumba, ndipo chotupa cha amayi chakummero chija chakula. Phala ndimachita kusefa pa kansalu, komabe limabwerera. Adokotala ku Lilongwe anati awaike kapaipi kummero kuti chakudya chizidutsa. Amayi akukana, ndipo chifukwa chake ndi iweyo.

Utaimba kuti gulu lanu ku Cape Town lapeza chizindikiro cha khansa yakummero m'chibadwa cha munthu, amayi anakalengeza ku mphakati. Kunali nthungululu, anapempha ndi Misa yothokoza. Tsopano mudzi wonse ukuti mwana wa a Nachisale wapeza mankhwala a khansa m'kompyuta. A Rafaelo, akatekisiti, anandiimitsa pamsika. "Agatha, mng'ono wako watiombola. Nanga iwe ku yunivesite kuja unakatengako chiyani?" Ndinati, "Ndinatengako nzeru yodziwa kuti kompyuta simwetsa munthu phala."

Usaiwale kuti za DNA ndinakuphunzitsa ndine, ndikujambula ndi khala pakhoma la khitchini, bambo atamwalira, ine nditasiya sukulu kudzagwira khasu kuti iwe upitirize. Ntchito yako ndikuidziwa. Mumatenga zilembo za chibadwa cha zotupa za anthu ambirimbiri, kompyuta n'kumazifananitsa, kufufuza zipsera zimene mwina utsi wa nkhuni kapena tiyi wamoto amasiya. Ndi ntchito yabwino, sindikukana. Ndikanakhala ine pampandopo, mwina ndikanaigwira bwino kuposa iwe. Koma tonse awiri tikudziwa kuti idzathandiza zidzukulu za anthu ena, osati amayi athu amene ndikuwapukuta kukamwa kunowa.

Ndawafotokozera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nsanje, Agatha, unayamba uli mwana. Elena atumiza mankhwala. Anthu achilendo asandigwire pakhosi." Kabotolo ka malovu kamene unapempha pa kafukufuku wanu kaja amayi anakhala nako m'mawa wonse, munthu woti malovu omwewo akumutsamwa, mpaka kanadzaza. Anakakulunga m'chitenje chawo cha kutchalitchi ngati chopereka. Ine wochapa zofunda zawo sanandipatsepo ulemu wotero.

Pempho langa ndi limodzi. Imba foni, uwauze ndi pakamwa pako kuti mankhwala ulibe. Usazungulire ndi Chingerezi chako chija. Mawu anga ndi a munthu wolephera sukulu, ako amawamva ngati a wansembe. Utsikako pang'ono pamaso pawo, ndipo sindinama, ine sindidzakulirira. Koma adzakwera basi ya ku Lilongwe.

Azakhali akupereka moni. A mphakati akuti Mulungu adalitse manja ako. Amayi akuti uzivala juzi, usamagwire ntchito ndi njala, ndipo usadzipanikize, iwo adikira.

Ndine mkulu wako,
Agatha

Tsiku limene adokotala anatipatsa loika kapaipi linali dzulo. Sitinapite.