Andichotsa pa Mpando wa Kochi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Kodi miyendo ija ikutupabe mukaima nthawi yaitali? Mankhwala a shuga musamadumphitse, ndimakudziwani inu. Ine kuno ndilipo, kungoti thupi latopa. Mwezi uno wokha tagona m'mahotela anayi, ndipo ndikadzuka m'mawa ndimayamba ndafufuza komwe kuli khomo la bafa, poti zipindazi zimafanana koma zitseko zimasinthana mbali.

Ndalemba pamanja chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse.

Mwana wanu Namzeze phewa lakumanja likumuvuta. Anagonja mipikisano ya tenisi itatu yotsatizana, yonse m'ndime yoyamba, ndipo pa wachitatuwo ankalephera kukweza mkono poyambitsa mpira. Tinapita kwa dokotala wa mafupa. Atamujambula anatiwonetsa chithunzi, nati phewa limeneli laperepeseka ngati la munthu wa zaka makumi asanu. Kenako anandifunsa kuti mwanayu anayamba tenisi ali ndi zaka zingati, ndipo ankamenya mipira ingati pa tsiku. Ine ndinayankha modzitukumula kuti zaka zisanu, mipira mazana asanu, ngakhale Lamlungu. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Anangoweramira pepala lake n'kumalemba, osandiyang'ananso.

Patatha masiku awiri, Namzeze anandipeza masana m'chipinda chochapira cha pahotela, ndikudikira kuti makina amalize zovala zake. Anakhala pa benchi nati wapeza kochi wina, mayi wa imvi amene naye ankasewera kale, ndipo zonse agwirizana. Ndinamukumbutsa kuti raketi yake yoyamba ndinamupatsa ndine, ija ndinaitola m'bini ku kalabu komwe ndinkasesa mabwalo, n'kuidula chigwiriro ndi sowo kuti ikwane kadzanja kake. Anati sanaiwale. Kenako anati:

"Ababa, ndikapambana mumandiwerengera zomwe ndalakwitsa. Ndikagonja mumakhala duu mpaka mawa. Makochi alipo ambiri, koma bambo ndili naye mmodzi, ndipo sindimudziwa."

Makina anaima. Ine ndinangotulutsa masokosi n'kuyamba kuwapinda.

Khadi lomwe timavala m'khosi polowa pageti andisinthira. Kale panalembedwa kuti kochi, tsopano palembedwa kuti wachibale. Tsiku loyamba ndinaiwala, ndinalunjika ku bwalo loyeserera monga mwa masiku onse, mlonda n'kundibweza mwaulemu akundilozera kokhala anthu oonerera. Zaka makumi awiri ndakhala ndikunyamula chikwama cha maraketi, Achemwali, ndiye pano manja sindidziwa kowaika.

Mayiyo si woipa, ndisamunamizire. Wamusintha mwana kakwezedwe ka mkono kuti phewa lisamapweteke, ndipo amamupumitsa masiku awiri pa sabata, zomwe ine ndinkazitcha ulesi. Sakalipa. Mwana akaphonya mpira amamufunsa kuti iweyo waona kuti chalakwika n'chiyani, n'kudikira yankho. Funso lotero ine sindinamufunsepo.

Lachitatu lapitali Namzeze anasewera, ine nditakhala pakati pa anthu osawadziwa. Atalakwitsa kawiri ndinaimba likhweru lija lomuuza kuti asunthe mapazi, pakamwa pangochita pokha. Woyimbira masewero anatembenuka pampando wake wautali napempha kuti tikhale chete, anthu onse maso pa ine. Mwana wanu sanacheuke n'komwe. Anapambana.

Titatuluka anandiitana kuti tikadye awiriwiri, koma anaika lamulo loti tisatchule tenisi. Tinakhala ngati anthu okumana pa depoti. Ndinayamba za nyengo, sizinachedwe kutha. Ndinamufunsa kuti kodi umakonda kuchita chiyani ukakhala wekha, iye anaseka nati sakudziwa, palibe anamusiyapo yekha kuti afufuze. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ameneyo.

Apo m'pomwe anandiuza za achimwene ake, mwana wanga woyamba, wokonza mafiriji uja. Akuti zaka zonsezi, akagonja amaimbira iyeyo atadzitsekera m'bafa kuti ine ndisamve. Akutinso masewero onse a mlongo wake amawaonera ku shopu kwake, foni ataiyedzamitsa pa firiji yakufa, ndipo makasitomala anazolowera kuti nthawi imeneyo sathandizidwa. Ine ndinkaganiza kuti mwana ameneyu amadana ndi tenisi monga amadanira ndi ine.

Zomwe ndinamuchita mukuzidziwa, munalipo. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu tsiku lomwe anagonja ku kalabu kuja, ine n'kumulanda raketi pamaso pa anthu, ndikunena kuti manja akewo ngonyamulira katundu basi. Mayi awo atamwalira chaka chotsatira, ndinamusiya kwa inu, ine ndi Namzeze n'kunyamuka. Pa ukwati wake sindinabwere poti tinali pa mpikisano. Mwana wake ndimangomuona pa zithunzi zomwe mumatumiza inu.

Masiku ano ndimaganiza za bambo athu ali pa makina awo osokera. Mukasoka msoko wokhota pang'ono ankausosola wonse osanena kanthu, n'kukuponyerani nsalu pamiyendo, inu misozi ili mbwembwembwe. Ndinalumbira ndili mwana kuti ine sindidzatero. Koma paja amati make mbuu, mwana mbuu. Iwo ankasosola misoko, ine ndasosola ana.

Pempho langa ndi limodzi. Mpikisano wa mwezi wamawa ukatha ndikubwera, Namzeze apitiriza ulendo ndi kochi wake. Nditamuuza sanandikanize, ndipo pankhope pake ndinaona kuti mtima wapepuka. Ndiye mupite ku shopu kuja, inuyo ndi miyendo yanu, osati pa foni, mukamufunse mnyamata wanuyo ngati angalole kuti ndidzamuone. Inu amakumverani, ndinu munamulera. Musakamukakamize, ndiponso musakandikometsere. Akakana mudzandiuze momwe wanenera, osachotsapo kanthu, ndine wamkulu. Akavomera mumuuze kuti sindikubwera ndi malangizo. Ndidzangokhala pakona, akati ndimupatsire sipanala ndidzamupatsira.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse a pakhomopo, kwa mpongozi wanga ndi kamdzukulu kanga kosandidziwako. Namzeze akupereka moni, ndipo akuti azakhali asiye kukalipira kanema iye akamasewera, mpira sumva.

Ndine mlongo wanu,
Bambo wa ana awiri